Mtengo Wanu Waphimba Nyale ya Kumtunda

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Doko,

Pepani Bwana kuti ndakutayitsani nthawi. Ine ndi uja ndimasoka maukonde kuseri kwa shedi ya mainjini, amene ndimayang'ana pansi mukamadutsa. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, choncho ndayamba ndalemba ndi pensulo kuti pasapezeke mawu achipongwe.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha mtengo wa mango umene munabzala ndi manja anuanu pachitunda, tsiku lija kunali matenti ndi ojambula zithunzi. Wakula bwino, Bwana. Wakula mpaka waphimba nyale ya kumtunda, ija oyendetsa maboti amaiyang'ana pamodzi ndi ya kumunsi. Amuna anga amati nyale ziwirizi zikaima ina pamwamba pa inzake, ndiye kuti boti lili pakati penipeni pa njira yolowera m'doko. Zikapatukana, matanthwe ali pafupi. Tsopano imaoneka imodzi yokha, ndipo nyale imodzi ilibe yopatukana nayo. Nkhawa ija munatichotsera.

Chachiwiri, antchito anu ndi akhama. Nyaleyo amaipukuta sabata iliyonse ndipo imawaladi, moti mbalame za mumtengomo sizisocheranso. Tinapempha mlonda kuti asadzeko nthambi zakutsogolo zokha. Anatilozera kachikwangwani ka dzina lanu patsinde paja, n'kunena kuti iye ali ndi ana ofuna kudya. Akalaliki a ku ofesi yanu anati tipite ku ofesi ya zamitengo. A zamitengo anatilandira bwino, anatipatsa mipando, n'kutiuza kuti iwo ntchito yawo ndi kubzala.

Chachitatu ndi chaching'ono, ndikuchita nacho manyazi. Lachiwiri madzulo amuna anga pobwerera kosodza anakhulitsa boti pathanthwe la kumanzere. Anafika pakhomo atanyowa mpaka m'khosi, nsapato ili kuphazi limodzi, akuseka kuti asambiratu. Koma tiyi amene ndinawapatsa anathera pamalaya. Boti akulimata, ndipo Loweruka abwerera panyanja, chifukwa nsomba sizibwera zokha kumtunda. Mwana wathu sanayambe n'kukwawa komwe.

Apongozi anga, amene anakalambira pachiwongolero, alangiza amuna anga kuti azidikira mphepo, poti nthambi zikagwedezeka nyale imaphethira pang'ono. Akuti chibadwire sanaonepo asodzi akupempherera mphepo polowa m'doko. Ichinso ndi chitukuko, ndipo tikudziwa amene anatibweretsera.

Musandimve molakwa, Bwana. Ndinaleredwa bwino, ndikudziwa kuti mtengo wa munthu wamkulu sauyandikira ndi chikwanje. Pempho langa, ndikugwada, ndi lakuti lisanafike Loweruka mutumize anthu adzasunthe matanthwe aja. Iwo sanabzalidwe ndi wina aliyense, ndiye palibe amene angakhumudwe.

Ndine wanu wamng'ono, wokufunirani mango okoma,

Mayi wosoka maukonde,
kuseri kwa shedi