Chingwe Chimodzi Chokha, Mabwana

Kwa Wamkulu wa kampani ya mafoni a chizindikiro cha Nkhono,
ndi Wamkulu wa kampani ya mafoni a chizindikiro cha Muvi,
Kutsidya kwa nyanja zamchere.

Mabwana olemekezeka,

Ndagwada pansi, ndaomba m'manja. Ine ndine Mwajuma Ayuba, mayi wogulitsa matemba ouma padoko la Kachulu, kuno kunyanja ya Chilwa. Mukhululuke kuti mayina enieni a makampani anu sindinawalembe. Lilime langa limakana, choncho kuno timakutchulani ndi tizithunzi timene munajambula kumbuyo kwa mafoni anu. Mukhululukenso kuti kalata ndi imodzi pamene mabwana muli awiri. Ndamva kuti simumwerana madzi, koma musendererane pafupi, muwerenge mosinthana, simufa.

Ndalemba kuti ndithokoze, ndipo zothokoza zachuluka moti ndaziika manambala.

1. Zikomo chifukwa cha mlandu wanu. Tinamva pawailesi kuti mwatha zaka muli kukhoti, kulimbirana kuti anayamba ndani kuganiza zoti makona a foni akhale obulungira, ndiponso anayamba ndani kutsetsereza chala pagalasi. Akuti nzeru iliyonse mumailembetsa kuboma kuti ikhale yanuyanu. Ife kuno tinagona tulo. Munthu amene anayamba kuluka mono wogwirira nsomba anamwalira osalembetsa, ndipo lero aliyense akungoluka ngati nzeru ya ambuye ake. Koma za chala zokhazo mufatse nazo. Ana athu akhala akukokota m'mbale ndi chala kuyambira kalekale, ndipo woweruza akamva zimenezi, mlandu mungaluze nonse awiri.

2. Zikomo potigawa. Padoko pano Asilamu ndi Akhristu timakwera bwato limodzi popita kuchilumba cha Chisi, timaikana maliro, ndipo palibe amene anakwanitsa kutipatula mpaka munabwera inu. Tsopano amuna aakuluakulu, andevu zawo, amasiya maukonde padzuwa n'kumakangana kuti foni yojambula bwino ndi iti. A Muvi ndiwo ambiri, ndipo amati ya Nkhono ndi ya anthu onyada. Apa sindikana. Mwana wanga Imran atanditumizira ya Nkhono kuchokera ku Joni, ndinkaiika chafufumimba pamwamba pa dengu la matemba kuti chizindikiro chioneke. Ndinkayankha foni ngakhale isanalire. Dera lonse lino a Nkhono tinalipo awiri okha: ine ndi bambo Lyson, oyandikana nawo munda kudambo.

Tsopano mundilole ndikuuzeni za mundawo, chifukwa ndiwo wandigwiritsa cholembera. Nyanja yathu siikhala malo amodzi. Ikadzadza imameza dambo lonse, ikaphwa imatibwezera, ndipo timadzalamo mpunga. Koma ikamabweza siibweza malire. Zikhomo zimaola, mizere imafafanizika, malire amatsala m'mitu ya akuluakulu basi. Mayi anga, Abiti Rajabu, anazidziwa zimenezi. Ataona kuti thupi layamba kukana, anandiuza kuti ndiwajambule kanema ndi chinthu changa chonyadiracho. Anayenda malire onse ndi ndodo, osavala nsapato, akuloza pachulu, patsinde la mtengo wakale ndi pamene ngalande imakhota, uku akunyogodola pang'ono malemu bambo ake a Lyson kuti khasu lawo linali ndi chizolowezi chosochera. Patatha miyezi iwiri, mayi anatisiya.

Chaka chino madzi atabwerera, ndinapeza a Lyson atalima kale ndime zitatu zimene mayi analoza kuti n'zathu. Iwo akuti n'zawo, ndipo akulumbira. Komiti ya dambo ikhala pansi Lachinayi la sabata yamawa. Andiuza kale kuti popanda umboni, ndimezo zipita kwa amene anazilima. Mpunga wa ndime zitatuzo ndiwo umatifikitsa m'mwezi wanjala ine ndi adzukulu anga anayi, ndipo mbande zakula kale panazale, zikudikira kuwokera. Umboni ndili nawo. Uli m'foni, ndipo foniyo inazima.

3. Zikomo, a Nkhono, chifukwa cha kabowo kolowetsapo chingwe potchaja foni yanu. Chingwe changa chotchajira anachidya khoswe. Sindimuda, manja anga amanunkha matemba ndipo iye anangotsata fungo. Ndinapita pakanyumba kotchajitsira mafoni padoko, pamene pali zingwe zoposa makumi awiri zolendewera ngati nyongolotsi za nyambo. Tinayesa chimodzichimodzi. Zonse n'za a Muvi, ndipo palibe chimene chinalowa. Akuti kabowo kanu munakalembetsa, ndipo wina akakatengera mumam'gwira pakhosi. Ndinakwera kabaza mpaka pa Songani kwa wokonza mafoni, munthu amene amadzutsa ngakhale foni yogwera m'chitsime. Anaitembenuza kawiri n'kundibwezera ndi manja awiri. Anati timisomali take n'tachilendo, topanda chomasulira m'dziko muno, ndipo batire munalimata ndi ulimbo kuti munthu wamba asalione. Imran akuti chingwe chenicheni wagula, koma wobwera nacho anyamuka ku Joni mu Disembala. Pofika nthawi imeneyo mpunga wa a Lyson udzakhala utafika m'mawondo.

4. A Muvi, musaseke, muli momwemo. Foni isanazime, ndinafuna kusamutsira kanemayo m'foni ya mng'ono wanga, imene ndi yanu. Tinaagoneka mafoni awiriwo pamphasa moyandikana, tinadina paliponse podinika, tinawanyamula m'mwamba, tinawagunditsa mitu. Anakhala duu, ngati akazi apamitala. Ndikuyamikeni kuti chidani chanu munachiphunzitsa bwino ngakhale kwa ana anu, moti amachisunga mpaka kuno kumene inu simunapondeko. Ndipo makasitomala anu andisamala kwambiri. Ndikamadutsa amandifunsa mwaulemu kuti nkhono yanga yadzuka bwanji, ndi kuti ituluka liti m'chigoba.

5. Chothokoza chomaliza ndi chachikulu. Mwawerenga kale kuti a Nkhono tilipo awiri. Ndiye kuti chingwe cholowa m'kabowo kanga chinali m'nyumba imodzi yokha, ya munthu amene ndikukaimirira naye pamlandu. Ndinatha masiku atatu ndikuzungulira nyumbayo patali. Lachinayi lapitali ndinameza manyazi, ndinamanga chitenje bwinobwino n'kukaodira.

A Lyson amadziwa chimene chili m'foni yanga, mudzi wonse ukudziwa. Nditanena chimene ndadzera, anakanda kumutu. Kenaka ananena kuti mlandu ndi mlandu, tikaonana kukomiti, koma munthu wodzapempha pakhomo sabwerera chimanjamanja, ndipo Abiti Rajabu anawatafunira chinangwa iwo ali khanda. Akazi awo anandiyalira mphasa. Mwini wake anatulutsa batire la sola, analumikiza chingwe ndi manja ake, n'kulowetsa m'foni yanga. Chinalowa bwinobwino.

Mabwana, galasi linawala. Kankhono kanatulukira. Sindibisa, misozi inagwa. Panthawi imeneyo za munda ndinaiwala. Papita miyezi isanu ndisanamve mayi anga akulankhula, ndipo ndinawasowa.

Kenaka panatuluka mawu a Chingerezi, ndipo a Lyson anandiwerengera. Foni inati chingwe ichi sikuchidziwa, si chochokera kwa eni ake, choncho moto wake siilandira. Inatero n'kuzimanso. Kani chingwe cha a Lyson anachigula pamsika, n'chongotengera. Foni yawo ndi yakale, siisankha, imadya chilichonse. Yanga ndi yatsopano, yophunzira, yodziwa mtundu wake.

Tinayesa kachiwiri, kachitatu. Tinatembenuza chingwe. A Lyson, mdani wanga, anagwada pansi n'kumauzira mpweya m'kabowo ka foni yanga mpaka thukuta kamukamu, kuvutikira kudzutsa mboni imene ikawalanda ndime zitatu. Zitakanika anaitukwana foniyo mawu amene sindingalembe kwa anthu aulemu ngati inu, ndipo anandiperekeza mpaka pamsewu. Ndimezo sanandibwezere, musaganize kuti ndi mngelo. Koma munthu wosaphunzira ngati ine ndinabwerera kunyumba nditasokonezeka. Amene akulimbirana nane munda anandipatsa chingwe, ndipo amene ndinkawanyadira pamaso pa anthu ndiwo anakana.

Ndikudziwa kuti muli ndi zambiri zochita. Maloya akukudikirani, ndipo ndamva kuti foni ina yatsopano ikutuluka, ya maso anayi kumbuyo. Sindikupempha kuti mugwirizane, ndani ine? Pempho langa ndi laling'ono: chingwe chimodzi chokha, chodziwika kwa eni ake, chifike lisanakwane Lachinayi. A Muvi, ngati anzanuwa achita manyazi, pangani ndinu, ine sindikauza woweruza. Mukachipereke kwa kondakitala aliyense wa galimoto yobwera ku Kachulu, mungonena kuti n'cha mayi wa matemba wa foni yozima, onse akundidziwa.

Koma ngati malamulo anu salola, ndiye mundithandize nzeru. Inu amene mumadziwa mwini wa chinthu chilichonse, mundilembere kuti mwini wa mawu a mayi anga ndani. Mukapeza kuti ndinu, ine sinditsutsa, ndilibe loya. Ndingopempha kuti mundibwereke mawuwo m'mawa umodzi wokha. Akanene za munda wawo pamaso pa komiti, ndiwamveko kamodzi, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndidzakubwezerani.

Ine wanu wogwadabe, poti simunandiuze kuti ndidzuke,

Mwajuma Ayuba
Padoko la Kachulu, Zomba.