Amuna Anga Anaimirira Pamaso pa Komiti

Kwa Wolemekezeka Wapampando wa Komiti Yoyeza Matupi a Anthu Ofooka,

Bwana,

Mtendere ukhale pa inu, pa madokotala anu, ndi pa chidindo chanu chimene sichinadwalepo chiyambire. Ine ndine Nagat Abdel-Tawab, mayi ake a Wael, wa kutsidya kwa mtsinje kuno ku Minya, kumene nyumba, mbuzi ndi nsidze za anthu zonse n'zoyera ndi fumbi la kuphiri. Ndimagulitsa mazira ndi tchizi pamsika. Sukulu ndinalekezera panjira, choncho mukapeza mawu opindika m'kalatayi muwachitire chifundo chomwe mumachitira anthu opindika.

Ndalemba kuti ndithokoze. Mwezi watha Komiti yanu inapeza kuti amuna anga, a Shehata, ali bwinobwino ndipo akhoza kugwira ntchito. Ife kunyumba sitinkadziwa. Tinkangoona munthu wopumira panjira pochoka pabedi kupita kuchimbudzi, ndipo mu umbuli wathu tinkati akudwala.

A Shehata anayamba kudula miyala kuphiri asanamere ndevu. Macheka anawadya zala zitatu za kumanja, fumbi linamaliza mapapo. Dokotala wa chifuwa wa m'tauni ataona chithunzi cha m'chifuwa mwawo ananditengera pambali n'kundiuza kuti munthuyu akabwereranso kuphiri ndiguliretu nsalu yoyera ya maliro. N'chifukwa chake tinabwera kwa inu kudzapempha khadi ya olumala, kuti kachithandizo ka pamwezi kawasunge pakhomo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kuthokoza kwanga ndakuika m'magawo, poopa kuti kungakulemereni kukafika kamodzi.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mndandanda wa matenda ovomerezeka umene munamata pakhoma. Ndinauwerenga wonse, poti nthawi yodikira munatipatsa yokwanira. Ndinaphunzirapo kuti dzanja limayamba kuwerengedwa likaduka kuyambira pamfundo kupita m'mwamba. Zala zitatu si kulumala, ndi kuchepekedwa chabe. A Shehata anatsala ndi chala chachikulu ndi kachala kakumapeto, ndipo kalaliki wanu wa pazenera anandifunsa mwanzeru kuti, "Mayi, tambula ya tiyi amagwira? Nanga vuto lili pati?" Kunena zoona, tiyi amamwadi. Za mapapo mndandanda ukuti munthu amayenera khadi akakhala ndi botolo la mpweya kunyumba. Nditafunsa kumene botololo limapezeka, anandilozera zenera lina, kumene anandiuza kuti limaperekedwa kwa okhawo amene ali ndi khadi. Ndinabwerera ndikuyamikira kuti mazenera anu amagwirizana kuposa abale a bere limodzi.

Chachiwiri, zikomo m'malo mwa a Girgis, oyandikana nafe nyumba. Iwowa ndi amwayi m'mudzi muno, chifukwa macheka anawadula mkono pachigongono penipeni ndipo khadi anailandira. Komiti yanu imawaitanabe nthawi ndi nthawi kuti ikaone ngati mkonowo waphukira. Mpaka lero sunaphukire, koma ndi chikhulupiriro chimene boma lili nacho pa iwo, ifenso sititaya mtima.

Akazi awo, mayi a Mina, ndi amene anandipatsa malangizo tsiku lathu litayandikira. Anati, "Iwe make Wael, usakawasambitse bambowo, wamva? Apite ndi mkanjo wogona nawo, ndevu zili nyankhalala. Polowa awanyamule anthu awiri, azibuula ngati ngamila yolemedwa. Kumeneko ukapita waukhondo wadziphera wekha." Nditawafotokozera amuna anga, anandiyang'ana ngati ndawatukwanira mayi awo. Anati, "Mkazi iwe, ine ndikaonekere ku boma ngati wopemphetsa wa pasiteshoni? Ndine mwana wa yani ine?"

Chachitatu, ndipo apa ndipempha mundilole ndichedwepo, zikomo chifukwa cha tsiku lenilenilo. Mwina m'maofesi anu simudziwa mmene mwamuna wa kuno amapitira kukaonana ndi boma. A Shehata anapita kokameta ndevu dzulo lake. Anavala mkanjo wawo uja wa paukwati wa mwana wathu wamkazi, umene ndinausita ndekha ndikung'ung'udza. Anamanga nduwira yoyera, anabwereka mafuta onunkhira kwa mlamu wawo, dzanja loduka zala analibisa m'mkono wa mkanjo. Pa boti lowolokera anthu ankawapatsa moni ngati akupita kukafunsira mbeta.

Komiti yanu imakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, ndipo chikepe chinali pa tchuthi. Ndamva kuti anthu ena amadandaula nazo zimenezi, koma ine ndikuonapo nzeru. Wokwera masitepe aja wasonyeza kuti ali ndi mphamvu, wolephera kukwera wajomba, ndipo onse awiri sakuvutitsani. Mlonda anati apeze anyamata awanyamule pampando, amuna anga anakana. Anakwera okha. Pokhota paliponse ankaima n'kumayang'anitsitsa zidziwitso za pakhoma ngati akuwerenga. Bwana, a Shehata sadziwa kuwerenga. Titafika pakhomo panu anapukuta pakamwa ndi kansalu n'kundipatsira kuti ndibise. Kansaluko ndikusungabe, ngati Komiti ingafune kuona mtundu wake.

Titalowa, dokotala wanu, mnyamata waulemu wochokera ku Cairo, anawalozera mpando. Anakana kukhala, chifukwa kwathu munthu sakhala pansi pamaso pa wophunzira ngati kuti ndi mnzake wa pa domino. Kenako dokotala, maso ali papepala, anafunsa kuti, "Muli bwanji, bambo?"

Apa ndiye panagona nkhani yonse. Kuno funso limenelo lili ndi yankho limodzi lokha. Munthu nyumba yake ikupsa amayankha momwemo. Apongozi anga anayankha momwemo m'mawa wa tsiku limene tinawaika m'manda. Kudandaula kwa mlendo n'kunyoza Mulungu amene anakupatsa mpweya, ngakhale utatsala wochepa. Choncho amuna anga anaika dzanja lamoyo pachifuwa n'kunena kuti, "Tithokoze Mulungu, bwana dokotala, tili bwino. Alipo anzathu amene akuvutika kuposa ife." Dokotala analemba. Ine ndinatsegula pakamwa, dzanja lili kale m'chikwama pa chithunzi cha m'chifuwa chija, koma bambowo anandiponyera diso limene ndalidziwa kuyambira ndili mtsikana, ndipo ndinatseka. Chifuwa chitawabwerera anachimeza, poti kutsokomola pamaso pa akuluakulu ndi mwano. Nkhope inada ngati biringanya, koma sanatsokomole. Potsanzika anauza dokotala kuti, "Mudzafike kwathu, bwana, tidzakuphereni bakha." Kuyeza konse kunatha dzira lisanapse.

Atangotuluka anakhala pansi pa masitepe n'kutsokomola mpaka mayi wina wakhungu amene anali pamzere anafunsa ngati pali amene akufa. Koma zimenezo zinachitikira kunja kwa chitseko, ndipo ndikumvetsa kuti kunja kwa chitseko si dera la Komiti.

Pepala lanu litafika, Wael anatiwerengera: wakwera yekha, waimirira nthawi yonse, wanena yekha kuti ali bwino. Palibe bodza ngakhale limodzi mmenemo, bwana. Ndikuchitira umboni.

Chachinayi n'chachifupi. Zikomo potilola kudandaula. Kalaliki uja anati tibwerenso Komiti ikadzakhalanso pa nkhani za odandaula chaka chamawa, Mulungu akalola. Ndinaona kuti ndi ulemu waukulu kuti boma likuyembekezera kudzawaonanso a Shehata chaka chamawa, pamene dokotala wa chifuwa sanalonjeze zotero.

Tsono ndikuuzeni zimene pepala lanu lachita pakhomo pano, poti mankhwala akagwira ntchito sing'anga ayenera kumva. Amuna anga analipinda bwinobwino n'kupita nalo kumalo omwera khofi, kumene anauza anzawo kuti madokotala a boma awapeza opanda banga. Atabwerako anatsitsa magalasi otchinga fumbi ndi mpango wokulunga kumaso pamsomali pamene ndinazipachika chaka chatha. Ndinawagwira mkanjo, ndinalira, ndinawatchula mayina amene sindingalembe m'kalata yopita kwa munthu ngati inu. Anangoti, "Boma lati ndili bwino, make Wael. Ndizikhala pakhomo kudya mazira a mkazi ndili bwino? Anthu aziti chiyani?" Akambirana kale ndi kapitawo. Lole yonyamula anthu opita kuphiri idzaima pamsewu Loweruka m'mamawa, ndipo malo awo alipo.

Ndili ndi mantha, bwana, ndipo ndakwiya. Ndakwiyira bambo ouma mutuwa, ndakwiyira dokotala amene sanadzutse maso, ndadzikwiyira ndekha chifukwa cha nsimbi imene ndinasitira mkanjo uja. Ndakhala nawo munthuyu moyo wanga wonse, ndipo usiku ndimagona ndikumvetsera ngati akupumabe. Koma izi ndi za m'nyumba, pamndandanda palibe, choncho muzidumphe.

Sindikupempha kuti madokotala anu aziphunzira mmene anthu a kuno amayankhira moni, kapena kuti aziika chomvetsera pachifuwa cha munthu asanalembe. Ndikudziwa kuti anthu ndi ambiri ndipo tiyi amazizira. Zopempha zanga ndi ziwiri zokha, zazing'ono.

Poti a Shehata akubwerera ku macheka ndi dzanja la zala ziwiri ndi mutu wochita chizungulire, ngozi siichedwa. Chonde titumizireni muyeso weniweni wa pamene dzanja liyenera kudukira kuti Komiti ikhutire, ndiwalembe chizindikiro ndi makala pamkono asanakwere lole. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti macheka alakwitsenso kachiwiri, ife n'kukuvutitsani ndi masitepe pachabe.

Koma mapapo akayamba ndiwo kuwatenga, ndamva kuti pansi pa nyumba yanu yomweyo pali zenera la akazi amasiye, ndipo kuti mndandanda wa kumeneko uli ndi nthenda imodzi yokha. Ndikupempha modzichepetsa kuti mundisungireko malo pamzere, ndiponso kuti tsiku limenelo mudzatumize dokotala yemwe uja adzawayezenso kunyumba kuno. Bakha tidzamuphera monga a Shehata analonjezera. Adzawapeza a Shehata atasambitsidwa, atadzozedwa mafuta onunkhira, atavala zoyera monga amakondera poonana ndi boma. Akadzawafunsa kuti ali bwanji sadzayankha zolakwika, ndipo ndikukulonjezani kuti ulendo umenewo sadzaimirira.

Ine wantchito wanu wosayenera kutchulidwa, amene ndili bwino, tithokoze Mulungu,

Nagat Abdel-Tawab, mayi ake a Wael