Tizipewa ta Mabotolo a Nagama

Khalani pansi, ana inu, muike kaye mafoniwo m'thumba. Mwambi uwu mumauponyerana tsiku ndi tsiku, koma kumene unachokera simukudziwa. Ena adzakuuzani kuti unayambira m'thengo kwa ofula njuchi. Asiyeni amenewo. Chiyambi chake chinali chotere.

Ku Bwanje, masiku amene basi inkadutsa kamodzi patsiku ndipo unkaidziwira kutali ndi fumbi lake, kunali mayi wina dzina lake Nagama. Mayiyu ankadziwa kupanga vinyo wa chidede, uja wofiira piriwiri, wowawasa pang'ono kumapeto kwa lilime. Amuna ake, a Bizeki, anali akamwini pamudzipo zaka makumi awiri ndi zisanu. Anali mlimi wa njuchi, munthu wosaba, wosamenya, wosaledzera. Matenda awo anali amodzi okha: kufunsa ankakuona ngati kuvula pagulu. Anazungulirapo mu Limbe tsiku lathunthu kufunafuna sitolo yomwe anaidutsa kanayi. Anthu anangowapatsa dzina loti Safunsa.

Chaka chimenecho mwana wawo Lonjezo anapeza mnyamata wa ku Lilongwe, ndipo chinkhoswe anachiika Loweruka lina mu Ogasiti. Kenaka kunamveka mphekesera yoti azakhali a mnyamatayo anena pagulu kuti, "Tiyeni tikamwe thobwa m'zitini kumudziko."

Mawuwo anamubaya Nagama. Analumbira kuti alendowo adzamwa vinyo wake, ndipo adzatuluka m'botolo looneka ngati la m'sitolo. Anadikira miyezi isanu chigubu chikuwira kuchipinda, anasefa kawiri, nadzaza mabotolo makumi awiri.

Mlongo wake Yotamu, yemwe anagwirapo ntchito m'minda ya mphesa ku Joni, anam'bweretsera zitsekero ndi tizipewa makumi awiri. Tinali tapulasitiki, tofiira, tonyezimira, totalika ngati chala. Timenetu timavekedwa pamutu pa botolo kuphimba chitsekero.

"Mukafuna kutiveka mundiitane, achemwali," anatero Yotamu. "Timafuna kutentha, koma pali kachitidwe kake."

Nyumba ya Yotamu inali pafupi, moti akayetsemula kwa Nagama ankamva.

Lachinayi m'mawa, Nagama anati atenge mpango akaitane mlongo wakeyo, anapeza amuna ake ayala kale mabotolo pakhonde.

"Mukupita kuti, mayi a Lonjezo?"

"Kwa achimwene. Adzationetse za tizipewati."

"Ine kufunsa alamu anga kavalidwe ka chipewa? Chipewa ndinayamba kuvala iwo asanamere mano. Khalani pansi."

Anatenga kachipewa kamodzi nakaveka botolo. Kanangoti lende, n'kumagwedera ngati nsapato ya bambo kuphazi la mwana.

"Mwaona? Anagula saizi yolakwika. Kupita ku Joni si nzeru ayi."

"Anati timafuna kutentha, bambo."

"Ndimadziwa kale zimenezo. Ndimangokuyesani."

Anakwera padenga la malata naimika mabotolo atatu padzuwa, lililonse ndi kachipewa kake. Mphepo ya Ogasiti mukuidziwa. Dzuwa lisanafike pamutu, tizipewa tiwiri tinali titauluka kulowera kudambo. Botolo lachitatu linatenthedwa mpaka chitsekero chinati phu! pamodzi ndi kachipewa kake. Botolo linagwa chagada, vinyo n'kumatsika m'mizere ya malata kudonthera pamutu pa Nagama, yemwe ankasankha mpunga m'munsimo.

Mayiyu anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje.

"Bambo a Lonjezo, miyezi isanu iyi ikudonthayi. Ndipite?"

"Mupite kuti? Dzuwa la chaka chino ndi loperewera, basi."

Madzulo ake anakoleza makala mu nsimbi yositira. Anagwira botolo pakati pa mawondo, n'kuyamba kulisita pakhosi ngati kolala ya malaya. Kachipewa kanalira tswii, kanamatirira kunsi kwa nsimbi. Anayesa kachiwiri, akuti koyamba dzanja linanjenjemera. Nako kanatsatira kanzake. Malaya oyera amene anasita pambuyo pake anatuluka ndi chizindikiro chofiira pamsana ngati ng'ombe ya boma.

"Tatsala khumi ndi tisanu," anatero Nagama.

"Ndani wakupemphani kuwerenga?"

Lachisanu kutacha, a Safunsa anadzuka ndi nzeru ina. Moto wa nsimbi unali wobisika, tsono panafunika moto weniweni. Analowetsa mutu wa botolo m'mbaula yoyaka. Kachipewa kanada bii, kanatulutsa utsi wonunkha ngati tayala. Iwo anati adikire pang'ono kuti kakhazikike. Botolo linati phwaa! Moto unazima, phulusa linadzaza khonde, galu anathawa osabwerako mpaka Lamulungu.

Nagama anakhala pansi, manja pamutu.

"Bambo, ndakugwirani mwendo. Mawa alendo afika. Achimwene ali apo, akusenda chinangwa pakhonde pawo. Mawu awiri okha."

"Mayi a Lonjezo, zaka makumi awiri ndi zisanu pamudzi pano sindinapemphepo ngakhale mchere. Mukufuna mawa alamu aziuza alendo kuti mkamwini wawo anam'phunzitsa kuveka botolo? Mukakafunsa inu, ndiye kuti ndafunsa ine. Musayerekeze."

Amuna ake atatembenuka kukatunga madzi osamba m'manja, Nagama anatola tizipewa tisanu ndi kamodzi, natimangirira pamfundo ya chitenje chake. Anachita bwino, chifukwa nzeru yomaliza inali m'njira.

A Safunsa anateleka poto wa madzi. Madzi atawira, anakokolola tizipewa tonse totsala, tisanu ndi titatu, n'kutiponyamo.

"Chikopa chimayamba chanyikidwa kuti chifewe, kenaka n'kukunga ng'oma. Mwaona pamene tinkalakwitsa?"

Anasuzumira m'potomo. Tizipewa tija tinali titafota tonse, tokhwinyata, tating'ono ngati mphutsi za m'chimanga. Ngakhale chala chaching'ono sichikanalowamo.

Anavundulavundula ndi kamtengo.

"Katundu wa ku Joni ndi wabodza," anatero pomaliza. "Ndipanga zanga."

Ananyamuka ulendo wa ku ming'oma yawo kukatenga phula. Atangozimiririka, Nagama anaika mabotolo asanu ndi limodzi m'dengu, navundikira ndi masamba a nkhwani, ulendo kwa Yotamu.

Yotamu anamvetsera nkhani yonse, akuluma mlomo kuti asaseke.

"Madzi owirawo anakhoza, achemwali. Anangoiwala botolo."

Anateleka poto. Anaveka botolo kachipewa, nakakanikiza pamwamba ndi supuni kuti kasagwe, natembenuza botolo mutu pansi, naviika khosi lokha m'madzi owira.

"Werengani. Imodzi, ziwiri, zitatu."

Anavuula. Kachipewa kanali katagwira khosi la botolo nganganga, kosalala ngati kanabadwira pomwepo.

Nagama anayang'ana botolo, anayang'ana mlongo wake.

"Basi?"

"Basi. Ngati mukuopa kupsa, liyandikizeni ku nthunzi ya pamphuno ya ketulo, muzilitembenuza pang'onopang'ono. Ku Joni tinkaliwuzira mpweya wotentha ndi makina onga aja oumitsira tsitsi. Zonse n'chimodzimodzi."

"Masiku awiri!" anatero Nagama. "Mabotolo awiri, malaya amodzi, galu! Chifukwa cha imodzi, ziwiri, zitatu!"

Otsalawo anaveka yekha, ndipo anamaliza nkhuni imodzi isananyeke. Anawasiya konko pansi pa bedi.

Atabwerera anapeza amuna ake asungunula phula m'chitini, akuviika mabotolo khumi ndi awiri aja. Kuviika kamodzi sikunawakwanire. Anaviika kasanu, kasanu ndi kawiri, mpaka botolo lililonse linamera mutu ngati chibonga.

"Enawo ali kuti?"

"Ndapatulira ankhoswe."

"Mwawamana zabwino. Taonani ntchito iyi."

Loweruka alendo anafika pa minibasi, azakhali aja ali patsogolo ndi chikwama chonyezimira m'khwapa. Zonse zinayenda bwino. Ankhoswe anasinthana tambala ndi msoti, amayi analulutira, Lonjezo anagwada mwaulemu. Itakwana nthawi ya zakumwa, a Safunsa anatulukira atavala jekete padzuwa lonselo kubisa chizindikiro cha pamsana, ataunjika zibonga zawo m'beseni.

Anatenga botolo loyamba napotokola. Silinasunthe. Anayesa ndi chikhadabo, chikhadabo chinathyoka. Anayesa ndi mpeni, mpeni unaterereka.

"Alamu," anatero Yotamu chapansipansi, "mpeniwo mukanau..."

"Ndakufunsani?"

Anatsegula pakamwa, naluma. Chibulumwa cha phula chachikulu ngati dzira chinathyoka n'kudzaza m'kamwa, chinakanirira m'mano a pansi ndi a m'mwamba omwe. Bwalo lonse linawayang'anitsitsa.

Azakhali aja anatsitsa magalasi awo.

"Pepani bambo, ife ndife alendo. Kodi chimenecho n'chodya?"

Nagama anatseka maso. Ankawadziwa amuna ake. Kulavula kukanakhala kuvomera kuti alakwitsa. A Safunsa anagwedeza mutu kuti inde. Anatafuna. Anatafunabe, misempha ya m'khosi itaima, misozi ili m'maso. Kenaka anameza, ndipo aliyense anachiona chikutsika.

"Ndiwo mwambo wake wa vinyo ameneyu," anatero ndi mawu osasa. "Mwini nyumba amayamba wadya chapamwambacho."

"Mwambo wabwino," anatero azakhaliwo. "Ndiye tisakusokonezeni. Atsala khumi ndi limodzi. Ife tidikira."

A Safunsa anayang'ana m'beseni. Anayang'ana alamu awo. Yotamu ankayang'ana mitambo. A Safunsa anatambasula dzanja natenga botolo lachiwiri.

Apo Nagama anaona Lonjezo atabisa nkhope m'manja, ndipo zinamukwana. Anathamangira kwa mlongo wake, nabwerera ndi lichero la mabotolo asanu ndi limodzi, tizipewa tikuti waliwali padzuwa. Anagwada pamaso pa azakhali aja, nang'amba kachipewa ndi zala ziwiri, nazula chitsekero, nathira.

Azakhaliwo analawa. Anatenga botolo n'kulitembenuza uku ndi uku.

"Ameneyu mwagula ku Lilongwe, sitolo iti?"

"Ndi wa pakhomo pano, amayi. Mutikhululukire, zitini zatithera. Mungomwera m'tambulamo."

Azakhaliwo anaseka mpaka kutsokomola, napempha tambula yachiwiri, napemphanso botolo limodzi loti akaonetse anzawo kutauni. Lonjezo anadzutsa nkhope.

Dzuwa litapendeka, alendo akutsanzika, nkhoswe ya kuchimuna inayang'anayang'ana pabwalo.

"Nanga bambo a mwana ali kuti, tiwatsanzike?"

Anali kuseri kwa nkhokwe, atagwira pamimba ndi dzanja limodzi, lina likutokosa m'mano ndi kamtengo. Nagama anasuzumirako, anapumira m'mwamba, nabwerera kwa alendo.

"Muwakhululukire, akhuta. Mukafika kwanuko anthu akakafunsa za kuno, mukawauze kuti vinyo tinamwa tonse, koma Safunsa anadya phula."