Tsiku limene ndinakapulumutsa ba Mwansa ndi wotchi ya agogo

Nkhani iyi amayi anandiletsa kuinena, ati yawachititsa kale manyazi okwanira chaka chonse. Koma poti Kalingalinga yonse ikuidziwa, mpaka owotcherera mageti pamsewu amalira ngati alamu ndikamadutsa, bola ndiinene ndekha. Mwina ndichepetseko mchere umene anthu akuthiramo.

Ndine Mada, ndili Giredi 10, ndipo vuto langa linayamba ndi agogo. Iwo anabadwira konkuno ku Lusaka, koma bambo awo anachokera ku Dedza, ndipo katundu yekha amene anafika naye wosathyoka anali ndagi. Agogo sangakutume machesi osakuponyera kaye ndagi. Ndiye ine ndinakula ndikudziwa kuti chinthu sichikhala chimene chikuoneka. Ukamva za nyumba yopanda chitseko usaitane kalipentala, limenelo ndi dzira.

Kenako kunabwera masewero omvera. Mnzanga wa kusukulu anandiikira mu foni mafayilo ambirimbiri achingerezi, opanda zithunzi, mawu okhaokha. Nkhani zake zimachitika ku London wakalekale, nthawi ya ngolo za akavalo ndi chifunga. Muli anthu awiri ofufuza milandu, koma si apolisi ayi, palibe anawalemba ntchito. Wina ndi mdala wokonza mawotchi, wina ndi mayi wamasiye amene sasiyana ndi ambulera yake. Milandu yawo imayamba ngati yachabechabe: wantchito wasowa, galu wasiya kuuwa. Pofika kumapeto mupeza kuti ndi chilombo chochokera ku nyenyezi.

Anthu amenewa ndinawakonda kuposa abale anga ena. Ulemu wawo wokha! Chilombo cha miyendo eyiti chikumuyandikira, mdala uja amayamba ndi kupepesa kuti wachisokoneza chikudya. Mantha ali nawo, mumachita kumva mawu akunjenjemera, koma amamwa tiyi n'kulowabe m'chipinda choopsacho. Ndipo chachikulu n'chakuti safunsa munthu mwachindunji. Kufunsa n'kwa apolisi. Iwo amangoyang'ana matope a pa nsapato yako, basi adziwa kumene wagona, zimene wadya, ndi pulaneti imene wachokera.

Munthu mmodzi yekha amene ankamvera nane anali ba Mwansa, a nyumba yoyang'anana ndi yathu pa yadi. Ndi aakulu kwa ine ndi zaka eyiti, amagwira ntchito mu saluni ku Mtendere. Lamlungu lililonse ankandiluka tsitsi pakhonde, hedifoni imodzi kukhutu kwanga, inayo kwawo. Chilombo chikatulukira ankandikoka tsitsi ndi mantha, ine osadandaula. Kunyumba kwathu onse amati ndimalota ndili maso. Ba Mwansa okha ndi amene ankafunsa kuti, "Manje walota chani?"

Ndiye sabata ina ya mu Okutobala, ba Mwansa anasintha.

Lolemba ndinawapeza pampopi.

"Ba Mwansa, episodi naini ndamvera. Ija ya chinthu cholowa mwa anthu."

Anayang'ana pansi, n'kuyankha ndi kamawu kakang'ono: "Tizakamba, Mada." Anasenza ndowa, ulendo. Ba Mwansa amene akaseka amamveka ku Kaunda Square.

Lachiwiri makatani a nyumba yawo anatsekedwa masana, dzuwa likuswa mtengo. Ku saluni sanapite. Lachitatu kunayamba kubwera azimayi atatu achilendo, a zitenje zofanana, osamwetulira, atanyamula dengu lovundikira. Wotsogolera anali mayi wathupi, wa magalasi akuda, amene ndinamva anzake akumutchula kuti bana Chanda. Lachinayi mphepo inakweza nsalu ya pa dengu lija ndipo ndinaona ndi maso angawa: tizinthu toumba ndi dothi, tosadziwika mutu ndi mchira, topakidwa madontho ofiira, oyera ndi akuda.

Inu mwadziwa kale chimene chinkachitika. Ngakhale nkhuku za pa yadi zinkadziwa. Ine ndinathamangira kope langa.

Pajatu episodi naini inali itanena zonse. Chinthucho chimatsika ku nyenyezi n'kulowa mwa munthu wansangala. Munthuyo amasiya kuseka, amaopa kuwala, sayang'ana anzake m'maso. Atumiki a chinthucho amavala zofanana ndipo amayenda ndi mazira ake m'dengu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi likakwana amamutenga munthuyo, osabwereranso. Mankhwala ake ndi amodzi okha: belu la wotchi. Likalira, chinthucho chimatuluka.

Ndinawerenga zala kuyambira Lolemba. Loweruka.

Amayi anandipeza nditagwada m'fumbi, ndikuyeza phazi la bana Chanda ndi rula ya masamu.

"Iwe, ukutani pamenepo?"

"Ndikuwerenga zimene anthu ena amangoziponda, amayi."

"Wamva zimene ndakhala ndikukuuza za Mwansa?"

Ndinagwedeza mutu. Kunena zoona, sabata imeneyo ndinali nditaona milomo ya amayi ikuyenda katatu konse, mahedifoni ali m'makutu. Koma wofufuza savomera kuti pali chimene sakudziwa.

"Ndikudziwa zonse, amayi. Kuposa mmene mukuganizira."

"Chabwino. Ndiye Loweruka ndisakuone pafupi ndi khomo lija."

Ndinalemba m'kope: Amayi nawonso ali mbali yawo.

Ofufuza enieni amayenda awiri, ndiye ndinaganiza zolemba ntchito agogo. Ndinawapeza akusoka batani pa yunifolomu yanga. Kufunsa mwachindunji sindikanatha, pajatu ndanena kuti n'kwa apolisi. Ndinawalowera m'njira yawo yomwe.

"Agogo, ndagi."

"Gize."

"Alendo abwera ndi dengu, atseka mawindo, wansangala wakhala chete, Loweruka amutenga."

Agogo sanakweze ndi mutu womwe. "Aa, imeneyonso ndi ndagi? Tonsefe zinatichitikira."

"Inunso, agogo?"

"Ine anandisunga masiku seveni. Ndinatulukamo munthu wina." Anaduula ulusi ndi mano. "Amako chimodzimodzi. Nawenso usathamange, tsiku lako lidzafika."

Ndinabwerera chambuyo mpaka kugunda firiji. Zaka zonsezi ndakhala ndikugona chipinda chimodzi ndi chilombo cha ku nyenyezi, n'kumachikanda kumsana.

Basi ndinatsala ndekha m'dziko lonse la Zambia. Ndipo ba Mwansa akapita, ndani adzandifunsenso zimene ndalota?

Loweruka linafika. Agogo ali ndi wotchi yachitsulo yopukusa, ya mabelu awiri pamutu, imene anapatsidwa akusiya ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga. Ikalira, agalu a ku Mtendere amayankha. Ndinaibisa m'chikwama cha sukulu nditaitchera kuti ilire fifitini awazi, 3 koloko masana. Ndinatenga ambulera ya amayi ya ku tchalitchi. Kenako ndinawiritsa tiyi, n'kumwa kapu yonse pang'onopang'ono, thukuta likutsika mpaka m'masokosi. Okutobala wa ku Lusaka ndi chifunga cha ku London n'zosiyana, koma malamulo ndi malamulo.

M'nyumba mwa ba Mwansa munayamba kulira ng'oma. Ndinalemba m'kope: Akuitana chombo chawo.

Ndinadutsa pa yadi. Ndinaodira mwaulemu, katatu. Ng'oma zinameza odi wanga. Ndinakankha chitseko.

M'katimo munali mdima ndi fungo la thukuta. Mipando anaikankhira kukhoma. Azimayi awiri anali pa mphasa ndi ng'oma, tizinthu tadothi tija titayalidwa patsogolo pawo. Bana Chanda anali chilili, chitenje m'chiuno, mwendo umodzi uli m'mwamba. Pakati panakhala munthu wofundidwa chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osagwedezeka. Zala za kumapazi zokha ndi zimene zinkaoneka, ndipo ndinazidziwa, poti utoto wa pa zikhadabo ndinapaka ndine.

Ng'oma zinasiya. Ndinatulutsa wotchi n'kuikweza m'mwamba ndi manja awiri.

Zii.

Ndinayang'ana. Kunatsala mphindi ziwiri. Ndinali nditafulumira.

Koma sindinataye mtima, chifukwa apa m'pamene ofufuza amafotokozera aliyense mmene mlandu wayendera. Ndinaweramitsa mutu ngati mdala wa mawotchi uja.

"Pepani kwambiri, amayi olemekezeka, posokoneza ntchito yanu. Koma ndadziwa chimene inu muli."

Bana Chanda anatsitsa mwendo uja. "Uyu mwana ni wa ndani?"

"Ni wa pa yadi," anatero mmodzi wa a ng'oma. "Wamene uja ayenda akamba yeka."

"Phazi lanu ndi masentimita twente sikisi," ndinapitiriza. "Nsapato zanu zili ndi fumbi losakhala la kuno. Mwamutsekera munthu uyu m'nyumba masiku faivi. Mwamuletsa kuseka. Mukumuphunzitsa makhalidwe ena, ndipo akachoka pano sadzakhalanso wa pa yadi pano. Ndanama?"

Azimayi aja anayang'anana.

"Awe," anatero bana Chanda. "Sunaname."

M'masewero chilombo chimatenga episodi yathunthu kuti chivomere.

"Ndiye mwavomera kuti mwabwera kudzamukonzekeretsa kuti atengedwe?"

"Ndiye nchito yathu, mwana."

"Chabwino. Ndiuzeni mwaulemu, monga ndakufunsirani mwaulemu. Akumutengera ku nyenyezi iti?"

"Ku Matero."

Pomwepo wotchi inalira.

Munthu amene sanaimvepo wotchi ya agogo m'chipinda chotseka mawindo sadziwa phokoso. Mayi mmodzi anagwetsa ng'oma. Ndipo taonani, chitenje chija chinayamba kunjenjemera! Mapewa akugwedezeka, mutu ukuweramira pansi, kamawu kachilendo kakutuluka ngati ketulo ikayamba kuwira. Ndinatambasula ambulera kuti chinthucho chikamatuluka chisandilowe ine.

"Tuluka! Pepani, koma tuluka!"

Chitenje chinagwa. Ba Mwansa anali gada pa mphasa, misozi ili mbwee, kuseka kwa masiku faivi kukutuluka nthawi imodzi. Anayesa kutseka pakamwa, anayang'ana ambulera, n'kuyambiranso.

"Mwachira, ba Mwansa," ndinatero, nanenso misozi ikulengeza.

Bana Chanda anavula magalasi. Maso awo anali a munthu, koma ndikanakonda akanakhala a chilombo.

"Iwe. Ise ndise alangizi. Uyu ni mkwatibwi, timuphunzisa va nyumba. Muno mungena chabe okwatiwa." Anandiyang'ana kuyambira ku ambulera mpaka ku masokosi. "Manje iwe wangena. Mwamuna wako ali kuti?"

Wotchi inali ikulirabe m'manja mwanga. Pozimitsira sindinkapadziwa.

Amayi anafika ndi sopo m'manja, anandigwira khutu lomwe lija la hedifoni, n'kundigwaditsa pakhomo. Ndinapepesa m'Chinyanja, ndinapepesa m'Chibemba changa chothyokathyoka, ndinapepesanso kwa ng'oma imene inagwa. Yadi yonse inali itasonkhana, ena atakwera pa njerwa kuti aone bwino. Chilango changa chinali kutsuka mapoto onse a tsiku lokapereka zakudya kwa akuchimuna, mapoto oti mwana angasambiremo. Ba Mwansa nawo anawaonjezera masiku awiri a maphunziro, poti mkwatibwi woseka pamaso pa alangizi ndiye kuti sanapse.

Atatuluka anandiitana pakhonde, chipeso m'manja. Ndinakhala pansi mwamanyazi.

"Bwanji simunandiuze kuti mukukwatiwa?"

"Ninakuuza, iwe. Pa episodi sikisi. Unakamba ati shhh, chilombo chabwera."

Analuka mizere iwiri.

"Koma unagwira bwino mulandu," anatero. "Banitenga zoona. Pulaneti chabe ndiye unaphonya." Anandikoka tsitsi pang'ono. "Ku Matero ni mabasi yabili. Uzibwera na foni yako pa Sande. Wotchi usiye."

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma pa tsiku la ukwati, anthu atadzaza pa yadi kudikira basi yopita ku tchalitchi, agogo anakhosomola, n'kukweza chala.

"Ndagi."

"Gize!" anayankha onse, ndi bana Chanda omwe.

"Chimaona phazi la munthu m'fumbi, koma ukwati wa pakhomo sichiumva."

Aka kanali koyamba m'moyo wa agogo kuti ndagi yawo iyankhidwe ndi yadi yonse nthawi imodzi.

Musanapulumutse munthu kwa zilombo za ku nyenyezi, chotsani kaye mahedifoni mumve zimene amayi anu akunena.