Zikomo Bwana, Pampu Yanu Ikumwa Mchenga

Utale, Balaka
12 Seputembala 2016

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Tikumbenawo,
Ku ofesi yanu yozizira ija.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwira mwendo wanu, mundikhululukire kuti munthu wolekeza sitandade sikisi ngati ine ndikulembereni kalata. Ndine Wadson Kachingwe, mlimi wa kuno ku Utale. Ine simundidziwa, koma dimba langa mukulidziwa, ndi lija munadutsitsamo ngalande yanu m'mbali mwa Rivirivi. Dimba limenelo ndilo linkatiwolotsa m'zaka za njala, ine, mayi a kunyumba ndi ana asanu. Chaka chino mvula itatithawa, anthu anu anabwera ndi uthenga wokoma wakuti mabungwe akunja akupatsani ntchito yomanga sikimu ya mthirira, tizule mbatata zathu, pofika Seputembala tidzakhala tikuotcha mondokwa. Tinazula. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, koma ife tinakhulupirira galimoto zanu. Seputembala uja ndi uno, ndiye ndati ndikuthokozeni. Ndithokoza mwa ndondomeko, kuti pa pulojekiti yonseyi papezeke chinthu chimodzi choyenda mwa ndondomeko.

1. Zikomo pochotsa ntchito Mayi Zaituni Hamadi, amene poyamba munawatuma kudzayendetsa pulojekitiyi. Tinamva kuti munati mayiwa sagwira fosholo, sayendetsa thirakitala, ntchito yawo n'kungoyenda ndi kope ndi kalendala. Munanena zoona. Anali munthu wotopetsa kwabasi. Masabata awiri athunthu ankangofunsa amayi ochapa kumtsinje kuti ndi dziwe liti limene silinaphwe pa njala ya 2002. Kenako n'kumalemba kuti choyamba ndi chiti, chotsatira ndi chiti, achite ndani, tsiku liti. Ankati kukumba kuthe mu Meyi anzathu achisilamu asanayambe kusala, poti theka la okumba ndi iwowo. Ankati mbewu ibwere madzi atayamba kale kuyenda. Munthu woganiza za mawa ngati ameneyu ngwachiyani pa kampani yotanganidwa ngati yanu?

2. Zikomo potipatsa a Dave, mlamu wanu, m'malo mwake. Awa ndiye munthu wachangu, safunsa kanthu kwa munthu. Sabata yoyamba anakhoma chikwangwani chachikulu. Sabata yachiwiri anachititsa mwambo wotsegulira, tinavina, tinalandira malaya olembedwa dzina lanu kumsana. Chikwangwanicho ndi gawo lokhalo la sikimu limene likugwira ntchito mpaka lero, mbuzi za m'mudzi zimausa pamthunzi wake.

3. Zikomo chifukwa cha pampu yoyendera dzuwa. Dziwe lija anasankha Mayi Zaituni lili kumunsi, njira yake ndi ya minga, ndipo galimoto ya a Dave inakandika utoto tsiku limene anapitako. Choncho mwanzeru zawo anaika pampu pafupi ndi msewu, pamene alendo angaimike galimoto n'kujambula osadetsa nsapato. Pamenepo, Bwana, mtsinje umaphwa mu Julayi chaka chilichonse, ngakhale chaka cha mvula yabwino. A Salima, amene akhala akutunga madzi mumtsinjewu zaka makumi asanu, anawauza zimenezi. A Dave anawakumbutsa mwaulemu kuti iwo si injiniya. Pampu ija ndi yokongola ndithu, ndipo dzuwa likaomba imalira bwino kwambiri ikumwa mchenga.

4. Zikomo chifukwa cha mbewu. Inafika mu Meyi, ngalande isanakumbidwe ngakhale khasu limodzi. Chimanga chosankhika, chopaka mankhwala ofiira, m'nyumba ya munthu amene ana ake akudya madeya kamodzi patsiku. Ndinachisunga masabata asanu ndi limodzi ndikuchiyang'ana, nachonso chikundiyang'ana. Kenako tinachitsuka kanayi, n'kuchiyanika, n'kupita nacho kuchigayo. Apa sindiseka, Bwana. Ndakhala mlimi moyo wanga wonse, ndipo tsiku limene ndinadya mbewu ndinalira pamaso pa ana anga.

5. Zikomo chifukwa cha ngalande. Kukumba kunayamba mu Juni, mwezi weniweni wa kusala, ndipo a Dave analamula kuti ntchito izigwiridwa mpaka masana dzuwa lili paliwombo. A Swaibu, bambo wamphamvu amene amasenza thumba la chimanga ngati pilo, anakomokera m'dzenje. Lipoti linapita kwa inu lakuti anthu a ku Utale ndi aulesi. Pofuna kufulumira, gulu lina linayambira kumtunda, lina kumunsi, popanda munthu woyenda pakati kuona ngati akulunjikana. Anaphonyana ndi mapazi khumi ndi awiri. Malo ophonyanawo ndi m'dimba mwanga. Anzanga ali ndi ngalande imodziimodzi youma, ine mwandilemekeza ndi ziwiri.

6. Koma chimene chandigwetsa m'maondo ndi cha Lachinayi lapitali. Madzi anayenda! Kunabwera alendo a mabungwe opereka thandizo aja kudzaona ntchito. M'mawa, iwo asanafike, kunafika lole ya thanki kuchokera ku boma, n'kukhuthulira madzi m'ngalande kuseri kwa mitengo ya malambe. Alendo anaomba m'manja, anajambula, a Dave analankhula Chingerezi chosalala. Madzi anayenda ola limodzi, ndipo poti ngalande zanu sizikumana, onse anathera m'dimba mwanga. Apo m'pamene mayi a kunyumba anatulutsa kapu imodzi ya mbewu imene anandibisira kudenga tsiku lopita kuchigayo lija. Tinabzala mapando makumi asanu ndi limodzi pamatope amenewo. Dzulo chimanga chamera, Bwana, chobiriwira bwino. Lero masamba ayamba kale kupindika. Pajatu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Sindikupempha kuti mubwezere Mayi Zaituni pa ntchito, iyayi, ndine yani ine woti n'kuphunzitsa kampani kufunika kwa kope ndi kalendala? Komanso sangapezeke. Ndamva kuti kampani ina inawatenga kukayendetsa sikimu ya ku Nsanama, ndipo kumeneko ana akutaya zitsononkho m'misewu. Sindikupemphanso kuti musunthe pampu, galimoto ya a Dave ingakandikenso.

Pempho langa ndi laling'ono. Chimanga chimenechi chikufuna madzi kawiri pa sabata mpaka Disembala, ndipo ndicho chokha chatsala pakati pa ana anga ndi manda. Popeza ndaona kuti pa kampani yanu madzi amayenda tsiku la alendo lokha, chonde, mwa chifundo chanu chodziwika, aitanireni alendo aja Lolemba ndi Lachinayi lililonse. Mipando tiziwayalira ife, kuvina tizivina ndi m'mimba mopanda kanthu. Kuti ndisakutopetseni ndi kulemba makalata oitanira, kope lina la kalata inoyi ndawatumizira kale iwo eni.

Ndine wanu wogwada pamchenga,

Wadson Kachingwe
Mwini ngalande ziwiri