Malemu a Chirwa Akuitana Mayina m'Mawailesi

Mpaka lero a Saidi, dalaivala wa thirakitala, akandiona amawoloka msewu. Sindiwaimba mlandu.

Amayi anga ndi mlembi pa kakampani kena konyamula nzimbe kufupi ndi Dwangwa. Chaka chathachi abwana anawauza kuti asankhe mphatso za Khirisimasi zopatsa antchito ndi alimi amene kampaniyo imawanyamulira nzimbe, poti maambulera anthu anatopa nawo. Amayi ankafuna mawailesi wamba. Ine ndinawanyengerera sabata yathunthu kuti atenge timawailesi tam'thumba, totchajira dzuwa, tolowa memori khadi. Ndinalonjeza kuikamo nyimbo ndekha, za kwaya kwa Akhristu, kaswida kwa Asilamu. Amayi anati Fomu 3 yayamba kundipatsa nzeru (ndinangoyang'ana pansi mwaulemu).

Pakampanipo panali kapitawo, a Chirwa, munthu wa mawu ngati akulankhulira mumgolo. M'mawa uliwonse ankaima pageti n'kumaitana ochedwa. Tsiku lina nditaperekeza amayi, ndinasiya foni ikujambula mawu pa tayala la ngolo, ine n'kupita kukagula mandasi. Kunyumba ndinamvetsera koyambirira kokha, ndinaseka mpaka misozi, n'kudula kambali kameneko kuika kumapeto kwa khadi lililonse. Pakati pa nyimbo ndi mawuwo ndinasiya mphindi khumi za zii, kuti munthu aziyesa batire latha. Cholinga chinali chabwinobwino: munthu ali phee pakhonde pa tchuthi, adzidzimuke kuti kapitawo wamulondola kunyumba.

Amayi anamata makatoni a mawailesiwo Lachisanu. Lolemba a Chirwa anagwa pageti pomwepo, ndipo anamwalira asanafike kuchipatala.

Za makhadi zija ndinazikumbukira tili kumanda. Ndinafuna kuulula, zoonadi, koma amayi maso anali atatupa, komanso mkono wawo ndimaudziwa. Ndinadzilimbitsa mtima kuti palibe munthu amamvera khadi mpaka kumapeto.

Anthu a kwathu ku Nkhunga amamvera mpaka kumapeto.

Tsiku lotsatira Khirisimasi, dzuwa lili pamutu, ndinali pansi pa mtengo wa mango. Nyumba zambiri kwathuko n'za antchito a kampaniyo, ndiye timawailesi tinkaimba mbali zonse. Kenako kamodzi kanasiya. Kena nako kanasiya. Kunangotsala nyenje ndi mphepo m'masamba a nzimbe. Ndiye kuseri kwa mpanda wa a Saidi kunamveka kutsokomola kumene tonse tinkakudziwa.

"Saidi. Ndikukudikira kuno. Anzako afika kale, watsala iwe."

Ine ndemwe, mwini ntchitoyo, thupi lonse linachita tsembwe. Patapita kanthawi mawu omwewo anatuluka kutsidya kwa msewu, kenako kumunsi kwa mjigo, malemu akuyenda nyumba ndi nyumba, kuitana Saidi, Gondwe, Phiri wamng'ono. Panja pankangoyenda nkhuku.

A Saidi anasamba, anavala kanzu yoyera, anagona pamkeka n'kuyamba kugawira ana awo mbuzi. A Gondwe, makanika, anakaponya kawailesi kawo mumtsinje wa Dwangwa, koma pobwerera anamva dzina lawo likutuluka pawindo la anthu ena. Tchuthi chitatha palibe anayandikira geti ija. Ndipo nkhani inayamba kuyenda yoti amene anasankha mawailesiwo ndiye akudziwa chimene chinadya a Chirwa. Amayi akafika pamjigo, azimayi ankasenza ndowa zosadzaza n'kumapita. Abwana anawauza kuti ayambe akhala kunyumba.

Apo ndiye ndinaulula. Amayi sanandimenye (zimenezo zinandiopsa kuposa ndodo). Anangoti ndivale yunifolomu, n'kundikokera kukampani. Abwana anasonkhanitsa aliyense mushedi, ndi akazi a malemu omwe, atavala zakuda. Ndinagwada, ndinafotokoza, ndinaonetsa ndi tsiku limene ndinajambula. A Gondwe anati foni imanama, ndiyilize yonse anthu amve okha.

Ndinayiliza. Mayina aja atatha ndinafuna kuzimitsa, koma abwana anati ndiisiye. Kunamveka thirakitala ikunyamuka, kenako zii. Kenako mapazi pamiyala, akuyandikira pang'onopang'ono. Munthu anapumira mufoni muja, ndipo mawu anatuluka otsika, ngati ali pakhutu panga.

"Kafoni aka mwini wake ndikumudziwa. Iwe mwana wa amayi a muofesi, dzina lako ndalilemba. Nawenso ndidzakuitana."

Amene anali pafupi nane anasunthira kutali ndi mabenchi awo omwe. Akazi a malemu anandiyang'ana, kenako anati, "Mwanangu, bambo aja sankaiwala dzina la munthu." Sananene mokalipa, mwina bola akanakalipa.

Amayi anabwerera kuntchito m'mawa mwake, chifukwa anthu anagwirizana kuti ngati alipo woyenera kuchita mantha, ndi ine. Foni anandilanda. Phunziro ndinalitola: chimene wajambula uzichimvera mpaka kumapeto. Zoti ndisiye, palibe anandiuza momveka. Mawu aja ndinawasunganso pakhadi lina, ndipo kusukulu kwathu kuli aphunzitsi a masamu, a Phiri, amene amakonda kuwodzera m'kalasi masana, ndipo dzina limenelo m'mawu aja lilimo. Ndikungodikira kuti ndiyambe ndasiya kucheuka munthu akatsokomola kumbuyo kwanga.