Mzere Wofiira Pansi pa Dzina la Nanzunga

Iwe, siya kukanda foniyo undiyang'ane kuno! Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma nkhani ndimaidziwa kuposa aphunzitsi ako, ndipo sindinena kawiri.

M'mudzi wina, dzina lake usandifunse, munafika kompyuta yolembetsera minda. Lamulo linali loti aliyense alembetse munda m'dzina lake pofika Lachisanu. Wosalembetsa, munda wake ukhala wopanda mwini. Kompyutayo anaipereka kwa bambo Gwedeza, amene tsiku lomwelo anasanduka Wapampando Wamkulu wa Komiti Yoona za Kompyuta ndi Nsalu Yoivundikira.

Woyamba kulembetsa anali Chadzunda, wokonza njinga. Dzina litangolowa m'kabokosi ka fomu, pansi pake panatuluka kamzere kofiira, kokhotakhota ngati nyongolotsi.

"Yakukana," anatero a Wapampando. "Dzina lako ndi lolakwika."

"Lolakwika bwanji, bwana? Anandipatsa ndi agogo!"

"Agogo akowo anali ndi kompyuta?"

Anayesa kulemba John. Mzere osabwera. Basi, Chadzunda anatuluka ali John, akuthokoza ndi manja awiri. Pofika Lachitatu mudzi unali ndi a John makumi atatu, a Mary ndiye osanena. Mayi akaima pakhomo n'kukuwa kuti "John!", theka la mudzi kuyankha "Wawa!" A Wapampando nawo, poti dzina lawo linafiiranso, anadzilemba John anthu akuona, amvekere mtsogoleri amapereka chitsanzo.

Tsono kunali Nanzunga, mayi wolima mpiru m'dimba limene anamusiyira malemu amayi ake. Anapita katatu, katatu konse nyongolotsi ija.

"Mayi, ingokhalani Mary," anatero a Wapampando. "Mawa ndi Lachisanu."

"Ine ndinabadwa Nanzunga, ndinakwatiwa Nanzunga, mwamuna anandithawa ndili Nanzunga. Lero ndisinthe chifukwa cha chiwaya choyaka ichi?"

Pakamwa anali wolimba, koma ana ake anayi amadya za m'dimba lomwelo.

Lachisanu m'mawa anamanga chitenje, ulendo wa kuchipatala. Kumeneko kunali mayi Kalinde, namwino amene amalemba mayina a odwala pakompyuta tsiku ndi tsiku, ndipo Nanzunga anakumbukira kuti chiyambire sanamutchepo Mary. Anabwera naye chomukoka, yunifolomu ili m'thupi.

Namwino anasuzumira pagalasi, n'kuseka mpaka kugwira tebulo.

"Abambo, chinthuchi sichikana munthu ayi. Chimangodziwa Chingerezi chokha, mawu ena onse chimawajambula mzere. Ngakhale mzere ulipo, fomu imapita bwinobwino. Komanso chimazimitsidwa, taonani."

Anadina apa, anadina apo, n'kuchotsa kachizindikiro kamodzi kokha. Nyongolotsi zii! Dzina la Nanzunga linangokhala mbee, lokongola ngati mwini wake.

A Wapampando anatsokomola, anakonza tayi, n'kuimirira.

"Komiti ikulengeza kuti, itakambirana mozama, kompyuta yawakhululukira mayiwa."

"Zikomo," anatero Nanzunga. "Muiuze kuti inenso ndaikhululukira."

Mwezi wotsatira mapepala a minda anabwera. Dimba la kudambo: Nanzunga, zilembo zonse zili m'malo mwake. Munda wa a Wapampando, wachonde kwambiri wa m'mbali mwa mtsinje: John.

Kutacha, Nanzunga akupita kukathirira mpiru, anapeza a John onse ali m'munda wa mtsinje ndi makasu, aliyense akudula chigawo chake. A Wapampando anafika wefuwefu, nsapato imodzi m'manja.

"Tulukani! Munda wanga uwu! Ine ndine Gwedeza!"

Chadzunda anatsamira khasu, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Gwedeza? Pepani a John anzanga, dzina limenelo ndi lolakwika. Kompyuta inalikana, ife tikuona."

Nanzunga anangosenza keni yake n'kudutsa, osapatsa moni John aliyense, poti akanayamba ndi uti?

Eya, wamva? Ndibwerezere yonse, kuyambira pa nyongolotsi. Ndipo uyambe watchula dzina lako lenileni limene ndinakupatsa ine, osati lija unalemba pafonipo!